GULU LA NKHONDO LA AJEREMANI LIMENE LINASIYA NJALA M'MBUYO MWACE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku cigwa ca Shire. Tirikuisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge.

Masiku ena tikakomana pa nthawi ino timakamba za thonje, za mapira ndi za madimba. Lero ndirikufuna kuti tikambe za nkhondo. Musadabwe kuti mlangizi wa zaulimi walowa m'nkhani ya asirikali, pakuti msirikali ali yense ali ndi mimba, ndipo cimene cimalowa m'mimbamo cimacokera m'munda mwa munthu wina. Nkhondo yace ndi ija ya caka ca 1914 kufikira 1918, imene makolo athu anaicha Nkhondo ya Ciwaya, cifukwa ca mfuti ija yolabvula zipolopolo zambiri pa kamphindi kamodzi. Tidzatsata gulu limodzi la nkhondo la Ajeremani, kuyambira pa kubadwa kwace kufikira pa kutha kwace. Eni ace analicha Schutztruppe, ndiko kunena kuti Gulu Lochinjiriza. Dzinalo nlokoma, nchito zace muziweruze nokha mukamva.

KUBADWA KWA GULULI

Dziko limene lero tilicha Tanzania, kucotsapo Zanzibar, pamodzi ndi Rwanda ndi Burundi, linali m'manja mwa Ajeremani. M'caka ca 1888 anthu a m'mbali mwa nyanja yamcere anaukira kampani ya Ajeremani imene inayamba kulamulira madooko ao ndi kukhometsa msonkho. Mmodzi wa atsogoleri ao anali Abushiri. Boma la Germany linatuma munthu wina dzina lace Hermann von Wissmann kuti akathetse mpanduwo, ndipo iye m'caka ca 1889 analemba asirikali a ku Sudan amene anawapeza ku Egypt, ndi Ashangani ena ocokera ku dziko la Apwitikizi. Ndi anthu amenewa anagonjetsa midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo Abushiri ananyongedwa ku Pangani kumapeto kwa caka comweco. M'caka ca 1891 mfumu ya Germany inalandira gululi kuti likhale lace la Boma.

Pano pali cinthu cimene muyenera kucisunga m'mutu kufikira kumapeto kwa nkhani yathu. Ngakhale tinena kuti gulu la Ajeremani, Azungu anali owerengeka okha, ndiwo akulu olamula. Onyamula mfuti anali anthu akuda. Analembedwa kutali ndi kwao dala, kuti asacite cisoni ndi anthu amene anatumidwa kukawathira nkhondo. Analandira malipiro abwino koposa anchito ena onse, ndipo m'midzi anaopedwa zedi.

ANAPITA PA KHOMO PATHU

Kapena ena a inu muganiza kuti izi nzakutali. Iai ndithu. M'caka ca 1892 Wissmann yemweyo anafika ku Chinde ndi asirikali ace, ali ndi sitima ya pamadzi yomasula zidutswazidutswa. Anakwera Zambezi, nalowa m'Shire, napita pa Port Herald, pamene lero ndi Nsanje, ndi pa Chiromo. Inu a ku Chikwawa mudziwa kuti kumtunda kwanu madzi a Shire amagwa pa mathithi, ndipo ngalawa siingapitirire. Cifukwa cace zitsulo zonse za sitimayo zinasenzedwa pamutu kukwera mapiri, kufikira ku Mpimbi, kumene anailumikiza. M'caka ca 1893 inayamba kuyenda pa nyanja yathu, ndipo anaicha dzina lace, Hermann von Wissmann. Masiku amenewo Angerezi ndi Ajeremani anali paubwenzi, kotero kuti asirikali ena a Wissmann anathandiza Harry Johnston pomenyana ndi anthu a Liwonde m'caka comweco. Amene anasenza zitsulo zija sanadziwe kuti ana ao adzasenzanso akatundu pa nkhondo yomenyana ndi eni sitimayo. Cakudza sicimba ng'oma.

MKWAWA NDI NKHONDO YA MAJI MAJI

Gululi silinapambane masiku onse. Pa 17 Ogasiti 1891 Ahehe a mfumu Mkwawa analibisalira pa Lugalo, kufupi ndi Iringa, napha mkulu wace Emil von Zelewski ndi asirikali ace ambiri. Ajeremani anabwezera m'caka ca 1894 pogumula linga la Mkwawa ku Kalenga, namsaka zaka zinai. M'caka ca 1898, poona kuti sangathawenso, Mkwawa anadziombera yekha. Anamdula mutu nautumiza ku Germany, ndipo cigaza cija cinabwezedwa kwa Ahehe m'caka ca 1954.

Koma cimene cinaipitsa mbiri ya gululi koposa ndico nkhondo ya Maji Maji, ya 1905 kufikira 1907, ndipo inu alimi a thonje imvetsani bwino. Bwanamkubwa wa Ajeremani, Graf von Götzen, analamula kuti midzi ya kumwera kwa dzikolo ilime thonje m'minda ya Boma. Anthu anagwira nchitoyo mokakamizidwa, ndi cikoti pamsana, pa nyengo yomweyo imene anayenera kupalira minda yao ya cakudya, ndipo malipiro ace anali acabecabe. M'mwezi wa Julayi 1905 anthu a ku mapiri a Matumbi analowa m'munda wotere nazula thonje. Kumeneko ndiko kunali kulalika nkhondo. Mlauli wina dzina lace Kinjikitile Ngwale anali atagawira anthu madzi amene anati adzasandutsa zipolopolo kukhala madzi, ndipo mitundu yambiri inagwirizana, pamodzi ndi Angoni a ku Songea, abale ao a Angoni athu.

Madzi aja sanaletse ciwaya. Pa Mahenge, kumapeto kwa Ogasiti 1905, anthu anagwa ngati mapesi. Otsala analeka kumenyana poyera nabisala m'chire. Tsono akulu a Schutztruppe anapangana kuti awagonjetse ndi njala. Anatentha midzi, natentha nkhokwe, naononga mbeu m'minda, nalanda ziweto. Pa 27 Febuluwale 1906 ananyonga mafumu ndi nduna zambiri za Angoni ku Songea. Boma la Ajeremani lomwe linabvomera kuti anafa anthu 75,000, koma ophunzira za mbiri ambiri amati anafika 250,000 kapena 300,000, ndipo ocuruka a iwo anafa ndi njala. Azungu amene anafa pa nkhondo yonseyo anali 15 okha.

Ife kuno thonje tinalidziwa Azungu asanabwere. David Livingstone pofika m'cigwa cino m'caka ca 1859 anapeza Amang'anja alikulima thonje, alikupota ndi kuomba nsaru zao. Mbeu yace ndi imodzimodzi. Kwa amene alima mwa kufuna kwace iri cuma. Kwa amene alima ndi cikoti pamsana, nkhokwe yace iri gwa, iri ukapolo.

CAKA CA 1914

M'mwezi wa Januwale 1914 gululi linalandira mkulu watsopano, Paul von Lettow-Vorbeck. Iyeyu anali atamenyapo kale nkhondo ku China, ndi ku dziko limene lero ndi Namibia, kumene Ajeremani anapulula Aherero ndi Anama. Anapeza Azungu ngati 260 ndi asirikali akuda ngati 2,500. Pamene nkhondo inabuka ku Ulaya m'mwezi wa Ogasiti, Bwanamkubwa Heinrich Schnee anafuna kuti dziko lace lisalowemo. Lettow-Vorbeck anakana. Anadziwa bwino lomwe kuti sangagonjetse Angerezi. Cimene anafuna ndico kuwacedwetsa kuno, kuti asirikali, zombo ndi ndalama zimene zikadapita ku Ulaya zithere m'Africa. Kunena kwina, minda ndi miyoyo ya anthu a kuno anaiyesa nkhuni zosonkhera moto wa kwao.

Mfuti yoyamba kwathu kuno inalira pa nyanja. M'mwezi womwewo wa Ogasiti sitima ya Angerezi yochedwa Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ija ya Hermann von Wissmann iri pamtunda kukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, niiombera. Kaputeni wa Ajeremani anali asanamve nkomwe kuti kwabuka nkhondo. Mzinga wa Guendolen mungathe kuuona ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya koloko. Kuyambira tsiku limenelo nyanja inali ya Angerezi.

Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anathira nkhondo Karonga. Gulu lalikulu la K.A.R., lotsogozedwa ndi Kaputeni Barton, linali litapita kumpoto kukawacingamira, ndipo magulu awiriwo anaphonyana m'chire. Ocepa amene anatsala pa boma anapirira kufikira anzao atabwerera, ndipo Ajeremani anathawa atataya anthu ambiri ndi mizinga yao. Iyi ndiyo nkhondo yaikulu yokha imene inamenyedwa pa nthaka ya dziko lino. Mwazi wa pa Karonga ndiwo unacititsa John Chilembwe kulemba kalata yodandaula kuti anthu akuda alikufera mlandu wa eni ace, ndipo pa 23 Januwale 1915 iye anaukira Boma.

Kumpoto zinthu zinayenda mwina. M'masiku oyamba a Novembala 1914 Angerezi anatsitsa asirikali 8,000, ocuruka a ku India, pa dooko la Tanga. Lettow-Vorbeck anawapitikitsa ndi anthu ngati 1,000, natola mfuti ndi zipolopolo zambirimbiri zimene anazisiya pa gombe. M'caka ca 1915 anatumiza timagulu tating'ono kukaphulitsa njanji ya ku Kenya. Pamene Angerezi anamiza combo ca nkhondo cochedwa Königsberg m'mtsinje wa Rufiji, mu Julayi 1915, Ajeremani anabvuula mizinga yace khumi naikoka pamtunda ndi manja a anthu. Pofika kuciyambi kwa 1916 gululi linakula kufikira Azungu ngati 3,000 ndi asirikali akuda oposa 11,000.

NJIRA YA PORT HERALD NDI AMTENGATENGA

M'caka ca 1916 adani anazinga dzikolo mbali zonse. Jan Smuts wa ku South Africa analowa ca kumpoto, Abelijiyamu ca kumadzulo, ndipo pa 25 Meyi gulu la Edward Northey linadumpha malire pakati pa nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika. Kodi asirikali a Northey, mifuti yao, ufa wao ndi mankhwala ao zinadzera kuti? Zambiri zinadzera kwathu kuno. Njanji ya Port Herald kufika ku Blantyre inatha m'caka ca 1908, ndipo m'caka ca 1915 anaitalikitsa kufikira ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mlatho wa pa Zambezi kunalibe. Umenewo unatsegulidwa m'caka ca 1935. Cotero akatundu anakwera mtsinje pa sitima za pamadzi kufika ku Chindio, nakwera sitima ya pamtunda kupyola Port Herald ndi Chiromo kunka ku Limbe, napitirira ku Zomba ndi ku Fort Johnston, ndiko Mangochi, naoloka nyanja. Cigwa cathu cinali pakhosi pa nkhondo yonse ya kumwera.

Kutsidya kwa nyanja kunalibe njanji kapena miseu yabwino, ndipo akavalo ndi ng'ombe zokoka ngolo zinafa ndi kashembe. Cinatsala ndi mutu wa munthu. Tiyeni tiwerenge pamodzi, monga timacitira poyesa cakudya ca m'nkhokwe. Tinene kuti mtengatenga asenza ufa wa mapaundi 60, ndipo iye mwini adya mapaundi awiri pa tsiku. Ngati ulendo uli wa masiku 15 kupita ndi masiku 15 kubwerera, wadya yekha katundu yense, msirikali osalandirako kanthu. Mwaona tsono cifukwa cace msirikali mmodzi wa kutsogolo anafuna anthu ambiri omsenzera, ndi cifukwa cace akulu a nkhondo anacepetsa phoso la amtengatenga pamene cakudya cinasowa.

Dziko lino linapereka asirikali a K.A.R. pafupifupi 19,000, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Kumbukirani kuti pa kalembera wa 1921 anthu onse a dziko lino, pamodzi ndi akazi ndi makanda, anali ngati 1,200,000. Poyamba ena anapita okha cifukwa ca ndalama ya msonkho. Pambuyo pace, mbiri ya imfa itamveka, anthu anakana, ndipo Boma linaumiriza mafumu kupereka amuna. Amesenjala anagwira anthu usiku m'nyumba zao, ndipo nthawi zina anagwira mkazi kuti mwamuna wace aturuke kumene anabisala. Anafa ndi kamwazi, malungo, cibayo ndi njala, makamaka m'mapiri ozizira a kutsidya kwa nyanja. Pa nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, amtengatenga a mbali ya Angerezi amene anafa anali ngati 95,000. Tisabise, zimenezi anacita ndi Angerezi, amene anali Boma lathu masiku amenewo.

Ku mbali ya Ajeremani kunali koipa koposa. Popeza zombo za kwao sizinathe kufika kawirikawiri, anaphunzira kudzipangira zinthu. Anaphika makungwa a mtengo wa kwinini kukhala mankhwala a malungo, nasoka nsapato za zikopa za nyama, nakazinga cakudya ndi mafuta a mvuu. Nzeru zimenezi azilemba m'mabuku ambiri ndi kuzitama. Koma cimanga, mapira ndi ng'ombe sanazipange iai, anazilanda. Amtengatenga ao ambiri anagwidwa m'midzi ya m'njira popanda malipiro, namangidwa zingwe kuti asathawe. Pocoka pa malo, gululi linaononga cakudya cotsala kuti adani olitsata asacipeze. Dokotala wao yemwe, Ludwig Deppe, anabvomera pambuyo pace kuti kumene anapita anasiya minda yoonongeka ndi njala.

KUOLOKA ROVUMA

Dar es Salaam inagwa mu Seputembala 1916, ndipo Ajeremani anakankhidwira kumwera pang'onopang'ono. M'caka ca 1917 kagulu kena, kotsogozedwa ndi von Stuemer, kanalowa m'dziko la Apwitikizi kum'mawa kwa nyanja kufunafuna cakudya, nikayandikira malire athu a ku Mangochi. Pa 15 kufikira 18 Okutobala 1917 panacitika nkhondo yoopsa pa Mahiwa. Angerezi anataya anthu ngati 2,700, akufa ndi obvulala, mwa anthu 4,900. Ajeremani anataya ngati 500, koma kwa iwo amenewa anali ambiri, ndipo zipolopolo zinali pafupi kutha.

Pamenepo Lettow-Vorbeck anasiya odwala ndi ofooka onse, nasankha Azungu ngati 300 ndi asirikali ngati 1,700, pamodzi ndi amtengatenga, akazi ndi ana zikwi zingapo. Pa 25 Novembala 1917 anaoloka Rovuma kulowa m'Mozambique, ndipo tsiku lomwelo anagwera linga la Apwitikizi pa Negomano, natenga mfuti, ziwaya ndi zipolopolo zatsopano. Kuyambira pamenepo gululi linalibe dziko, linalibe boma, linalibe munda. Linayenda ngati dzombe, kudya za pamalo kufikira zitatha ndi kusamukira pena.

Pa 1 kufikira 3 Julayi 1918 linafika pa Namacurra, kufupi ndi Quelimane, pamene panali fakitale ya shuga ndi nyumba zosungira katundu. Linagonjetsa Apwitikizi ndi asirikali a K.A.R. amene anali pamenepo, ndipo ambiri anamira m'mtsinje pothawa. Kucokera pa Namacurra kufika ku Nsanje, poyenda molunjika, sipapitirira mailosi 130. Angerezi anaopa kuti gululi lidzalanda Quelimane kapena kuoloka Zambezi, nasonkhanitsa asirikali kumeneko. Likadakhotera kumadzulo likadafika pa njanji yathu ndi pa nkhokwe zathu. Koma linabwerera kumpoto.

Pa 30 Ogasiti 1918 linathira nkhondo pa Lioma, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa, pamene panali cakudya ca Angerezi. Amene analondera malowo anali asirikali a 1 K.A.R., ana a dziko lino. Anakumba maenje napirira tsiku lonse, ndipo Ajeremani analephera kulowa. M'mawa mwace anafika asirikali ena a K.A.R., ndipo Lettow-Vorbeck anapulumuka mwa mwai, atataya akulu ace angapo, zipolopolo zambiri ndi amtengatenga ambiri. Mabuku otama Ajeremani sachula Lioma kawirikawiri. Ife tiyenera kumchula.

Pa 28 Seputembala gululi linaolokanso Rovuma, nilipita ca ku Songea, nilizungulira kumpoto kwa nyanja yathu, nililowa m'dziko limene lero ndi Zambia. Linalanda Kasama. Ku Ulaya nkhondo inatha pa 11 Novembala, koma mau anampeza Lettow-Vorbeck patapita masiku, ndipo pa 14 Novembala, m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, anabvomera kuleka. Pa 25 Novembala 1918 anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. Anatsala ndi Azungu 155 ndi asirikali akuda oposa 1,100 pang'ono.

ZIMENE ZINAFIKA M'CIGWA CATHU

Msirikali wa Schutztruppe sanaponde m'Chikwawa kapena m'Nsanje pa nkhondo imeneyi. Komabe nkhondo yace inatifika m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo ya amuna ocotsedwa m'minda. Inu mudziwa kuti mvula ya kuno njocepa ndi yosakhulupirika, ndipo amene acedwa kubzala sabata ziwiri wataya caka. Mudzi umene amuna ace ali ku mtengatenga pa nyengo yososa ndi yobzala, munda wace umacepa, ndipo nchito yonse imagwera amai ndi okalamba. Pamwamba pa izi Boma linafuna cakudya ca asirikali kucokera m'midzi momwemo.

Njira yaciwiri ndiyo ya othawa nkhondo. Apwitikizi analowa nkhondoyi m'caka ca 1916, ndipo iwonso anafuna amtengatenga ndi anthu okumba mseu wopyola dziko la Barue, kumwera kwa Zambezi. Anagwira anthu mwa nkhanza zosaneneka. M'mwezi wa Malici 1917 Abarue anaukira, otsogozedwa ndi Nongwe-Nongwe ndi Makosa a banja la Makombe, ndipo Asena, Atonga ndi Acikunda ambiri anagwirizana nao. Apwitikizi analemba Angoni zikwi zambiri kuti awathandize, natentha midzi ndi minda ya m'mbali mwa Zambezi. Anthu anathawa, ena ku Southern Rhodesia, ena kuno. Asena anali atayamba kale kusamukira m'cigwa cino pothawa thangata wa kwa Apwitikizi, koma pa zaka zimenezi anafika ambirimbiri, ndipo mafumu a Amang'anja anawapatsa malo. Ambiri a inu amene mulikumva mau anga ndinu zidzukulu za anthu amenewo.

Njira yacitatu ndiyo ya matenda. Kumapeto kwa 1918 cimfine cacikulu cija ca fuluwenza, cimene cinapha anthu mamiliyoni pa dziko lonse lapansi, cinalowa m'dziko muno motsata njira za sitima ndi za anthu obwerera ku nkhondo. Cinapeza matupi ofooka ndi nkhokwe zopepuka. Ndipo midzi isanapezenso mphamvu bwino, cirala ca 1922 cinadzetsa njala yaikulu m'cigwa cino.

KODI ANALI NGWAZI?

Lettow-Vorbeck pobwerera kwao mu Malici 1919 analandiridwa ku Berlin ndi cimwemwe cacikulu, monga mkulu wa nkhondo amene sanagonjetsedwe. M'caka ca 1920 analowa ciwembu cofuna kugwetsa Boma losankhidwa ndi anthu la Germany, nacotsedwa usirikali. Anamwalira ku Hamburg m'caka ca 1964. Zaka zambiri Azungu, ndi Angerezi omwe, anasimba za iye monga munthu wocenjera ndi waulemu, wokondedwa ndi asirikali ace akuda.

Kucenjera kwace pa nkhondo palibe angakane, ndipo nzoona kuti asirikali ena anamtsata kufikira ku Mbala. Koma funsani kuti msirikali wa ku Tabora, ali pakati pa Mozambique, m'dziko limene anzace alanda cakudya mudzi uli wonse, akadathawira kuti. Ndipo ambiri anathawadi pamene gululi linapitanso kufupi ndi kwao. Funsaninso ngati cimene anafuna cinacitika. Germany inagonja cigonjere, pakuti Angerezi pambuyo pace anabweza asirikali ao acizungu ambiri, nasiyira nkhondoyo anthu akuda a K.A.R. ndi a ku Nigeria ndi Gold Coast. Zaka zinai za kuyenda kuja sizinasinthe mathero a nkhondo ya ku Ulaya. Zinasintha midzi ya kuno, pakuti m'dziko la Ajeremani lokha anthu wamba amene anafa ndi njala ndi matenda a nkhondoyi amawerengedwa kuti anali ngati 300,000.

Ajeremani a lero ayamba kubvomera. M'caka ca 2021 Boma lao linabvomera kuti zimene zinacitikira Aherero ndi Anama kunali kupulula mtundu. Pa 1 Novembala 2023 Pulezidenti wao, Frank-Walter Steinmeier, anaimirira ku Songea pamaso pa zidzukulu za mafumu onyongedwa aja, napempha cikhululukiro.

MAU OTSIRIZA

Ku Zomba kuli nsanja ya cikumbutso ca asirikali a K.A.R., ndipo caka ndi caka m'mwezi wa Novembala timawakumbukira. Ku nyanja magule a malipenga ndi beni asunga mayendedwe a asirikali a masiku amenewo. Koma mtengatenga amene anagwa m'njira ndi thumba la ufa pamutu, ndi mai amene anadyetsa ana ace nyika za m'dambo la Ndindi caka cimene mwamuna wace sanabwere, alibe nsanja. Cikumbutso cao ciri m'kamwa mwanu. Inu acinyamata, pitani kwa agogo anu mukafunse kuti banja lanu linacokera kuti, linaoloka liti, ndipo analilandira ndani. Mulembe zimene akuuzeni m'kabuku, pakuti amene anaziona ndi maso anatha kale, ndipo amene anazimva kwa iwo alikutha.

Inu Amang'anja ndi inu Asena, pakabuka mkangano wa malire a dimba, kumbukirani kuti makolo anu anagawana nthaka imeneyi pa nthawi ya mabvuto, ndipo munateronso m'zaka za 1986 kufikira 1992, pamene abale a ku Mozambique anadzaza midzi ya Nsanje pothawa nkhondo yina. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Ndipo inu nonse alimi, mwamva kuti akulu a nkhondo, pamene ciwaya cinalephera kugonjetsa anthu, anatentha nkhokwe. Iwo anadziwa kumene kuli moyo wa mudzi. Limani thonje lanu ndipo mulisamale, pakuti ndilo ndalama yanu. Koma munda wa mapira ndi mcewere ukhale woyamba, dimba lisagone, ndipo musagulitse cakudya conse pa nthawi yokolola cifukwa mtengo wakoma. Akulu anati nkhondo simanga mudzi. Umamangidwa ndi khasu.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuzula ndi kutentha mapesi a thonje nyengo yace isanapite.